Katundu Wathu Akawoloka Malire

Mawu a Abusa pa tsiku lachiwiri la chikondwerero cha zaka 50 za mpingo wathu, ku Katondwe



Pamene komiti ya chikondwerero inagwirizana kuti lero tikambe za malonda a kunja kwa dziko, ena anang'ung'udza. Anati, kodi pa zaka 50 zonsezi tasowa nkhani yauzimu, kuti tizikamba za nsomba ndi masau m'nyumba ya Mulungu? Funsoli n'lomveka. Koma tayang'anani kudenga. Malata amene atiphimbawa sanagwe ndi mvula. Anagulidwa ndi ndalama za nsomba zouma, za mphasa, za masau ndi za mbuzi. Mabenchi mwakhalirawo chimodzimodzi. Asungichuma angatichitire umboni kuti msika ukayenda bwino mbale ya zopereka imalemera, ndipo m'miyezi ya chiletso cha nsomba imapepuka. Takhala tikudya za malonda mwakachetechete. Lero tiyeni tiwakambe poyera.

Ndiponso mutu 25 wa Levitiko, umene unatiphunzitsa za chaka cha 50, chaka choliza lipenga, umakamba za minda, za kukongoza, za akapolo, ndi za kugula ndi kugulitsa popanda kudyerana masuku pamutu. Choncho sitinasochere.

Tikukhala pa msika wakale

Dzina lakale la boma lathu, Feira, ndi mawu a Chipwitikizi otanthauza msika. Linasinthidwa kukhala Luangwa, koma pakamwa pathu silinachoke, ndipo dera lathu la ku Nyumba ya Malamulo likadali Feira. Cha m'ma 1720 amalonda ochokera kumunsi kwa Zambezi anakhazikika pa Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Minyanga ya njovu ndi golide zinkatsika ndi mtsinje kupita ku Tete, ku Sena ndi ku Quelimane, n'kuwoloka nyanja yamchere mpaka ku India. Nsalu ndi mikanda zinkakwera kubwera kuno. Ndiye kuti zaka 300 zapitazo, Lusaka kulibe, njanji kulibe, katundu wa m'chigwa muno anali kugulitsidwa kale kutsidya kwa nyanja.

Koma tisanyadire msanga. Msika womwewo unagulitsanso anthu. M'zaka za m'ma 1800 maina a Kanyemba ndi Matakenya ankanjenjemeretsa midzi ya m'mbali mwa mitsinje iwiriyi. Ena mwa ife tili ndi magazi a ogwidwa, ena a ogwira, ambiri tili ndi onse awiri, ndipo lero timadyera m'mbale imodzi pa Mgonero. David Livingstone atafika pa mathiriro a Luangwa mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a nyumba zamiyala, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka. Chuma chonse chija chinangodutsa. Funso limene mbiri imeneyi ikutisiyira ndi ili: katundu akadutsa pakhomo pathu kupita kunja, kuno kumatsala chiyani?

Zaka 50 zathu

Makolo amene anayamba mpingo uno pansi pa mtengo sanaone malire otseguka. Kumwera kunali nkhondo ya Rhodesia, ndipo mu Malichi 1978 inalowa m'boma lathu lomwe lino, ku Kavalamanja. Kum'mawa, Mozambique atangolandira ufulu mu 1975, kunabuka nkhondo ina imene inatha mu 1992. Masiku amenewo mabwato ankabweretsa othawa nkhondo kuposa katundu. Msewu wochokera pa mlatho wa Luangwa, makilomita oposa 80 kufika ku boma, unali wafumbi m'chilimwe, wamatope m'dzinja. Amayi athu achikulire akukumbukira kugona pa msewu ndi dengu la nsomba, kudikira galimoto imene siinabwere.

Lero kuli mtendere mbali zonse zitatu, ndipo msewu uli ndi phula. Tikaima pa doko ku boma timaona maiko atatu ndi maso: kwathu kuno, Zumbo ku Mozambique, Kanyemba ku Zimbabwe. Nsomba zothira mchere zochokera ku damu la Cahora Bassa zimakocheza pa doko lathu, zimakwezedwa m'malole, zimadutsa pano pa Katondwe usiku ndi usana, kupita ku Lusaka, ku Copperbelt, mpaka ku Kasumbalesa pa malire a Congo, ulendo wa makilomita oposa 700. Kumeneko amazitcha makayabu, ndipo Lubumbashi ndi matauni a migodi sakhuta nazo.

Dziko lathu limapeza pafupifupi magawo 7 mwa 10 a ndalama zakunja kuchokera ku mkuwa. Koma tikaika mkuwa pambali, Congo ndi mmodzi mwa ogula aakulu kwambiri a katundu wa Zambia. Msewu wa msika umenewo ndi uwu wadutsa kuseri kwa tchalitchi chathu. Tsono tidzifunse: pa lole iliyonse yodutsa pano, mitolo ingati ndi ya anthu a ku Katondwe? Ambiri a ife timanyamula, timamanga, timaphikira madalaivala, timagulitsa zingwe ndi mphasa zokutira. Imeneyo ndi ntchito yolemekezeka. Koma phindu lalikulu limapita ndi mwini mtolo.

Zimene zinatichitikira

Nkhani iyi ambiri mukuidziwa, ndipo eni ake atilola kuikamba popanda kutchula maina. Zaka zingapo zapitazo amayi asanu ndi awiri a mumpingo muno anati kunyamulira ena kwakwana. Anasonkha ndalama za chilimba, anagula nsomba, anathira mchere, anayanika, anamanga mitolo, natuma awiri mwa iwo ku Kasumbalesa. Tinawapempherera pano pa guwa. Ulendo woyamba unayenda bwino. Anapeza mayi wina wa ku Lubumbashi amene anagula zonse tsiku limodzi, natenga nambala ya foni, nati mukabweranso musapite kwa wina. Atabwerera anapereka chakhumi, ife tinaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu.

Ulendo wachiwiri anafuna kuchulukitsa. Lole inali yoti inyamuke Lachinayi, koma nsomba zina zinali zisanaume. Mmodzi anati timange choncho, zikauma m'njira. Wina anaika zazikulu pamwamba ndi pansi, timphenjete pakati. Winanso ndalama zake zinali za kaloba, osauza anzake. Lole inawonongeka m'njira, inagona masiku atatu pa dzuwa la mu Okutobala. Atafika, mayi wa ku Lubumbashi uja sanayang'ane pamwamba. Anatenga mpeni, anang'amba mtolo pakati, nalowetsa dzanja. Fungo lokha linayankha. Sanakalipe, sanatukwane. Anangopukuta dzanja lake, napita kukagula kwa ena. Mitolo yabwino ndi yoipa yonse inagulitsidwa pa mtengo wotaya, chifukwa pa msika mbiri imathamanga kuposa mwini wake. Foni ija siinalirenso.

Chotsatira chake tinachiona tonse. Mbuzi zinagulitsidwa kubweza kaloba. Mwana mmodzi anakhala kunyumba temu yathunthu. Mabanja awiri anatha miyezi osapatsana moni pakhomo la tchalitchi, ndipo nkhani inafika ku bwalo la akulu. Tikuthokoza Mulungu kuti lero amayiwo akhala pa benchi imodzi. Koma ife atsogoleri tiyenera kuvomera mbali yathu. Tinapempherera ulendo, koma sitinafunse za m'kati mwa mtolo. Tinalandira chakhumi ndi manja awiri, koma sitinakhale nawo pansi kuwerengera mtengo wa ulendo. Tinkaganiza kuti zimenezo si za abusa. Tinalakwa.

Kunja timagulitsa dzina

Phunziro loyamba ndi lalikulu ndi ili. Pa msika wa kwathu, wogula amatidziwa. Tikamupatsa meda yoperewera, mawa adzatipeza pa chitsime, tidzakambirana, adzatikhululukira chifukwa ndi mlamu wathu. Wogula wa kunja alibe chibale nafe. Sadziwa amayi athu, sadziwa kuti ndife oimba kwaya. Chimene ali nacho ndi mtolo ndi mawu athu basi. Akapeza kuti ziwirizi zikugwirizana, abweranso, ndipo adzabwera ndi mnzake. Akapeza kuti zasiyana, sanena kuti mayi uje ndi wachinyengo. Amati nsomba za ku Luangwa n'zachinyengo. Munthu mmodzi amaipitsa dzina la chigwa chonse.

N'chifukwa chake nkhani ya sikelo ndi muyeso imabwerezedwa kawirikawiri m'Malemba, mu Levitiko, mu Miyambo ndi mwa mneneri Amosi. Mkhristu amene amapondereza pansi pa meda kuti ichepe, kapena kuwaza madzi pa nsomba kuti zilemere, ulaliki wake watha asanatsegule pakamwa. Chapakati chifanane ndi chapamwamba. Zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha, chilichonse ndi mtengo wake. Zosauma zidikire lole ya sabata yamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapepala si mdani wathu

Chachiwiri, ambiri timaopa ofesi kuposa ng'ona. Timakonda kuwoloka usiku, kudzera njira zachidule, kulipira anyamata otizembetsa. Tikawerengera bwino, nthawi zambiri ndalama yozembera imaposa imene tikanalipira pa windo, ndipo katundu akalandidwa tilibe kokadandaula. Safunsa anadya phula. Tiyeni tidziwe zinthu zingapo.

Wochita malonda oonekera amafunika nambala ya msonkho yochokera ku ZRA, imene timaitcha TPIN. Nsomba zili ndi malamulo ake ku dipatimenti yoona za nsomba. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kutha kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino kuti nsomba ziswane, ndipo wonyamula nsomba nthawi imeneyo ayenera kukhala ndi chikalata chosonyeza kumene zachokera. Mbewu ndi ziweto zili ndi zilolezo zake. Chimanga ndi ufa boma nthawi zina limaletsa kutuluka, monga linachitira mu 2024 chilala chitatikantha. Tifunse tisanagule, osati lole itafika kale pa chipata.

Maiko a mu COMESA anakonza njira yopepukira amalonda aang'ono. Katundu wosapitirira madola 2,000, ngati ali pa mndandanda umene maiko awiriwo anagwirizana, amadutsa ndi mapepala ochepa, ndipo njira imeneyi imagwira ntchito pa malire monga Mwami ndi Chirundu. Koma tidziwe kuti Mozambique sali mu COMESA. Ife ndi iwo timakumana mu SADC, ndiye malamulo a pa doko lathu safanana ndi a ku Mwami. Palinso mgwirizano wa msika umodzi wa Africa yense, AfCFTA, umene unayamba pa 1 Januwale 2021. Zimenezi ndi zitseko zimene zikutseguka pang'onopang'ono. Koma chitseko chimathandiza munthu amene ali ndi katundu wolongosoka ndi mapepala m'manja.

Ndalama zitatu, thumba limodzi

Chachitatu ndi kuwerengera. Wamalonda wa nsomba amagula ndi metikali kapena kwacha, amalipira lole ndi kwacha, ndipo ku malire a Congo angalandire kwacha, dola kapena faranga ya kumeneko. Posintha paliponse pamatsala kanthu m'manja mwa wosintha. Kwacha ikalimba kapena kufooka m'sabata imene tili pa ulendo, phindu likhoza kusungunuka tili m'tulo pamwamba pa mitolo.

Tisanatuluke m'nyumba tilembe zonse m'kabuku: mtengo wogulira, mchere, zingwe, onyamula pa doko, msonkho wa khonsolo, lole, malo osungira katundu, chakudya ndi pogona kwa masiku amene tingakhale, ulendo wobwerera, ndi nsomba zimene zidzanyenyeka m'njira. Tiwonjezepo masiku atatu a tsoka. Zikatero tione ngati patsala kanthu. Ambiri timabwerera ndi ndalama zambiri m'chitenje n'kumati tapindula, pamene tangobweza mpamba wathu womwe utaonda. Ndipo ndalama ya kaloba isakwere lole. Chiwongoladzanja chake sichidikira kuti tayala lipangidwe.

Si nsomba zokha

Mtsinje uli ndi malire ake. Asodzi achikulire muno akutiuza kuti pende ndi mcheni za masiku ano sizifika pa zimene ankakoka ali anyamata. Tikamakokera maneti a udzudzu m'madzi, tikugulitsa chakudya cha adzukulu athu. Mlandu wa msika wakale uja unali womwewo: kugulitsa mpaka chogulitsa chithe. Choncho tiyang'anenso kumtunda.

M'miyezi yozizira masau amagwa okha m'chigwa muno. Timawatumiza ku Lusaka m'matumba pa mtengo wachisoni, otsala amaolera pansi kapena amathera mu kachasu amene akutimalizira anyamata. Malambe, amene ena timati mabuyu, ana amaponyerana. Koma kuyambira mu 2008 maiko a ku Ulaya analola ufa wa malambe kugulitsidwa ngati chakudya m'misika yawo, ndipo anzathu a ku Malawi, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique akutumiza. Uchi wa ku Kabompo ndi ku Mwinilunga, wochokera m'ming'oma ya makungwa yopachikidwa m'mitengo ndi anthu a kumudzi onga ife, umafika m'masitolo a ku Ulaya. Anthu amenewo sanasamuke m'midzi yawo. Chimene anachita ndi kugwirizana, kusunga ukhondo, kulemba kuti uchi uwu wachokera kwa yani ndi kuti, ndi kulola oyendera kudzaona.

Sitikukulonjezani kuti chaka chamawa masau a ku Katondwe adzakhala ku London. Wogula wa kutsidya kwa nyanja amafuna katundu wofanana, wochuluka, wopimidwa, wofika pa tsiku limene munapangana, chaka ndi chaka. Mwana amayamba kukwawa. Tiyambe ndi kuyanika pa thandala m'malo mwa pansi pamene mbuzi zimaponda, kusankha, kuika m'mapaketi oyera okhala ndi dzina lathu, ndi kukhutiritsa sitolo imodzi ya ku Lusaka kwa chaka chathunthu. Amene wakhulupirika ku Lusaka ndiye angayese Lubumbashi, Tete kapena Harare.

Amene amapita ndi katundu

Pali chinanso chimene monga abusa sitingachilumphe. Katundu sayenda yekha, amapita ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi banja. Taona maukwati akugwedezeka chifukwa cha masabata a pa malire. Taona atsikana athu akulipira ulendo ndi thupi lawo chifukwa ndalama ya lole inaperewera, ndipo ena tinawaika m'manda tisanawaone akukula. Msika wakale unkagulitsa anthu ndi unyolo. Tisalole kuti watsopanowu uwagulitse mwa njira ina.

Wopita asapite yekha. Akhale awiri kapena atatu, ndalama ya ulendo ikhale yokwana kupita ndi kubwerera, ndipo a kunyumba adziwe kumene akugona. Akafika apeze mpingo wa kumeneko. Ku Filipi mpingo unayambira m'nyumba ya Lidiya, mayi wa ku Tiyatira wogulitsa nsalu zofiirira kutali ndi kwawo. Wamalonda akhoza kunyamula Uthenga, akhozanso kunyamula manyazi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Zimene tikupempha mpingo

Kuti mawuwa asathere pa chikondwerero, bwalo la akulu likuika zinthu zitatu pamaso panu, kuti tikazikambirane m'madera athu ndi kudzagamula pa msonkhano wa mpingo wonse.

Choyamba, amene akufuna kuchita malonda a kunja apange kopaletivu yolembetsedwa ku boma, yokhala ndi malamulo ake, buku lake ndi akaunti yake ku banki. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sadzaza lole. Gulu lolembetsedwa likhoza kupempha thandizo kapena ngongole ku thumba la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Khomo likhale lotseguka kwa anansi athu a mipingo ina ndi amene sapemphera nafe. Ndipo tinene lero lomwe, onse akumva: ndalama za kopaletivu zisasakanizidwe ndi za mpingo, ndipo abusa kapena mkulu aliyense asasunge kiyi wake. Mbusa akasanduka wokhometsa ngongole, nkhosa zimathawa guwa.

Chachiwiri, mpingo ubwereke mbali ya malo ake kuti pamangidwe mathandala oyanikira ndi kanyumba kosungiramo katundu, pakhalenso sikelo imodzi yopimidwa bwino imene aliyense angagwiritse ntchito. Pasatuluke mtolo wokhala ndi dzina la gulu usanatsegulidwe pakati ndi anthu awiri amene si eni ake. Zimene anachita mayi wa ku Lubumbashi tizichite tokha kuno, lole isananyamuke.

Chachitatu, Loweruka lililonse masana kalasi ya Sande Sukulu itsegulidwe kwa achinyamata ndi amayi kuti aphunzire kulemba buku la malonda ndi kuwerengera kusintha kwa ndalama. Tili ndi aphunzitsi opuma pa ntchito pakati pathu. Tili ndi abale amene anakulira ku Zumbo ndipo amalankhula Chipwitikizi, ndi ena amene anakhala ku migodi ndipo amamva Chiswahili. Wogula amafewa mtima ukamupatsa moni m'chilankhulo chake, ndipo womasulira wosamudziwa akhoza kudya pakati iwe ukumwetulira.

Pomaliza

Abale ndi alongo, kalata ya Yakobo imachenjeza amalonda amene amakonza maulendo a chaka chathunthu ngati kuti mawa lili m'thumba mwawo. Sikuti imaletsa ulendo, koma imatikumbutsa Mwini wa mawa. Tikonze, tiwerengere, tilembe, kenaka tigwade.

Amene anayamba mpingo uno analibe msewu wa phula, analibe foni, analibe mtendere pa malire. Anatisiyira dzina labwino ndi nyumba ino. Pakadzapita zaka zina 50, ambiri a ife tidzakhala titagona, ndipo adzukulu athu adzaima pano kuwerenga kabuku aka. Asadzapeze belu losweka ndi nkhani yakuti chuma chinkadutsa pano. Adzapeze mtsinje uli ndi nsomba, mitengo ya masau ikubala, ana ataphunzira, ndi mbiri yakuti mtolo wochokera ku Katondwe sufunika kung'ambidwa pakati, chifukwa anthu ake akanena kuti zauma, ndiye kuti zaumadi.

Ambuye adalitse ntchito za manja athu, atisunge potuluka ndi pobwerera.